Kuchokera pa KIA kukatera pa Chileka: mtunda wake ndi wotani, nanga ndi mphindi zingati?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe:

"Mayi anga ndi okalamba ndipo msana umawavuta kwambiri. Atipatsa tsiku loti tikaonane ndi dokotala wamkulu ku Queens, ku Blantyre. Ana tasonkherana kuti apite pa ndege ine ndiwaperekeze, koma tonse awiri sitinakwerepo. Pa intaneti pena akuti mtunda ndi makilomita 245, pena akuti 310. Wogulitsa matikiti akuti ulendowu ndi wa mphindi 45, pomwe alamu anga omwe amakwerakwera akuti mphindi 30 zokha mwafika. Zoona ndi ziti? Nanga ndalama yonseyi itipulumutsira nthawi yochuluka bwanji?"

Zikomo mayi, ndipo pepani ndi kudwala kwa mayi athuwo. Manambala anayi onse amene mwatchulawa ndi oona, kungoti iliyonse ikuyeza chinthu chake. Ndiyamba ndi mtunda poti ndiwo wosavuta, kenako tikhalitse pa nkhani ya nthawi, chifukwa m'pamene anthu ambiri amadziwerengera molakwika n'kukachedwa kumene akupita.

Bwalo la ndege la Kamuzu, lomwe ambiri timangoti KIA, lili ku Lumbadzi, makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe. La Chileka lili kumpoto chakumadzulo kwa Blantyre, makilomita ngati 16 kuchokera m'tauni. Mutatenga mapu n'kukoka ulusi kuchoka pa bwalo lina kukafika pa linzake, mupeza makilomita pafupifupi 245. Ulusi umenewu susamala za msewu kapena malire. Umasiya tauni ya Dedza chakumanzere, n'kulowa m'dziko la Mozambique, kudutsa pamwamba pa minda ya ku Angonia kufupi ndi tauni ya Ulongwe ya kumeneko, osati ya ku Balaka ija. Umadzalowanso kuno cha kumapiri a pakati pa Ntcheu ndi Neno, kuwoloka Shire cha ku Zalewa, Chileka uyo. Nambala ya 310 ndi ya pamsewu, kuchoka m'tauni ya Lilongwe kukafika m'tauni ya Blantyre kudzera ku Dedza, Lizulu, Ntcheu, Chingeni, Zalewa ndi Lunzu. Msewu umakhotakhota potsata malire ndi kulambalala mapiri, n'chifukwa chake makilomita ena 65 amawonjezereka.

Tsono nthawi. Pa njira imeneyi kampani ya Malawi Airlines, yomwe idayamba kuuluka mu 2014 ndipo eni ake ndi boma la Malawi pamodzi ndi Ethiopian Airlines, imagwiritsa ntchito mitundu iwiri ya ndege. Pali Q400, ya mapulopela awiri ija, yonyamula anthu pafupifupi 70, ndiye pali jeti ya Boeing 737. Q400 ikakhazikika m'mwamba imathamanga makilomita ngati 650 pa ola, pomwe 737 imapitirira 800. Mwana wa sukulu mutamupatsa samu imeneyi akuuzani kuti Q400 ifika pa mphindi 23, jeti pa mphindi 18. Samuyo wakhoza, koma palibe ndege yonyamula anthu imene imayenda motero, chifukwa liwiro limeneli imalipeza ikafika pamwamba penipeni, ndipo pa ulendo waufupi chonchi pamwambapo sikhalitsa.

Taonani mmene makilomita 245 aja amadyekera. KIA ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,230 kuchokera pa nyanja yamchere, Chileka ili m'munsi, pa mamita ngati 780. Tiyerekeze kuti lero woyendetsa wasankha kukwera mpaka mamita 6,000. Pokwerapo mphamvu zambiri za injini zimathera kunyamula ndege, choncho siithamanga kwenikweni, ndipo pofika pamwamba imakhala itadya kale makilomita 60 kapena 70. Kutsika ndiye kumafuna malo ambiri kuposa apa. Oyendetsa ndege ali ndi kawerengedwe kawo kakale: pa mamita 300 aliwonse amene akufuna kutsika, amafuna makilomita asanu ndi theka a kutsogolo. Kuchoka pa 6,000 kufika pa bwalo la Chileka ndi mamita oposa 5,000, ndiye kuti ayenera kuyamba kutsika kukadali makilomita pafupifupi 95. Mukachotsa zonsezi, pakati pamatsala makilomita 80 kapena 90 okha, omwe Q400 imawamaliza pa mphindi zisanu ndi zitatu. Ulendowu uli ngati kukwera chulu, ukangoti wafika pamwamba phazi lina layamba kale kutsetsereka. Onjezaninso kuti m'maiko ambiri ndege ikakhala pansi pa mamita 3,000 siiloledwa kupitirira makilomita pafupifupi 460 pa ola, komanso poyandikira bwalo iyenera kuchepetsa liwiro kwambiri kuti itere bwino. Mukaphatikiza kukwera, kampata ka pakati kaja ndi kutsika, mupeza mphindi 30 kapena 35. Alamu anu akunena zimenezi, kuyambira pamene matayala asiya nthaka ya Lumbadzi kufika pamene agunda ya Chileka.

Apa m'pamene muonenso kuti kusankha jeti pofuna kufika msanga kulibe phindu lenileni. Jeti imawina pa maulendo aatali, monga a ku Johannesburg kapena Nairobi, kumene imakhala maola m'mwamba pa liwiro lake lonse. Pakati pa Lilongwe ndi Blantyre nayonso imangokwera n'kutsika, ndipo kusiyana kwake ndi Q400 ndi mphindi zochepa kwambiri. Ndege ya mapulopela idapangidwira maulendo oterewa, ndipo mafuta imamwa ochepa. Alipo anthu amene amaiona ngati yachikale kapena yosadalirika poona mapulopela, koma injini zake ndi za mtundu womwewo wa jeti, kungoti mphamvu yake imazunguza pulopela.

Pali chinanso chimene chimasintha mphindi tsiku ndi tsiku, ndicho mphepo. Ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo, kuti mapiko agwire mpweya msanga. Msewu wa ndege wa pa KIA mbali ina umaloza kummwera chakum'mawa, komwe kuli Blantyre, mbali inayo kumpoto chakumadzulo. Miyezi ya mwera, mphepo ikamachokera kummwera chakum'mawa, ndege yopita ku Blantyre imanyamuka itayang'ana kale kumene ikupita, palibe chokhota chachikulu. Koma pobwerera tsiku la mphepo yomweyo zinthu zimatembenuka: ndege yochokera ku Blantyre iyenera kulipitirira bwalo la KIA, kukatembenukira kumpoto, n'kudzatera itayang'ananso kummwera. Kuzungulira kumeneku kumatha kudya mphindi zingapo. Choncho musadabwe kuti popita munatenga mphindi 31, pobwera 37, njira yake yomweyo. Mukhozanso kuona pawindo kuti bwalo mwalidutsa ndege isanatere. Sikuti woyendetsa wasochera, akukalowera mbali yoyenera.

Nanga mphindi 45 za wogulitsa matikiti zikuchokera kuti? Makampani a ndege sawerenga kuyambira pamene ndege yauluka. Ndege ikaima pa bwalo, amaitchinga matayala ndi zigogo zamphira kuti isasunthe. Wotchi yawo imayamba pamene wantchito wovala chovala chowala uja wachotsa zigogozo ndege n'kuyamba kuyenda, ndipo imaima pamene mnzake wa ku Chileka waikanso zake. Pakati pamenepo pali kuyenda pang'onopang'ono kupita kumayambiriro a msewu wa ndege, womwe pa KIA ndi wautali kuposa makilomita atatu, kudikira chilolezo cha olondolera ndege a pa nsanja, ulendo weniweni, kenako kuyendanso pansi kukafika poimikira. Amawonjezeraponso mphindi zochepa zoyembekezera zosadziwika. Ndiye nambala ya pa tikiti imakhala yoposa ya alamu anu ndi mphindi 10 kapena 15, ndipo nthawi zina mupeza ndandanda italemba 40, ina 50, malinga ndi ndege yake. Kwa inu nambala ya pa tikitiyi ndiyo yofunika kwambiri pa ziwirizi, chifukwa ndiyo ikufanana ndi nthawi imene mayi akhale pampando atamanga lamba. Muwonjezerepo mphindi 15 kapena 20 zimene mumakhala mutakhala kale anthu ena akukwera.

Koma funso lanu lomaliza, loti ndalamayi ikupulumutsirani nthawi yochuluka bwanji, silingayankhidwe ndi 30 kapena 45. Tiwerenge kuyambira pakhomo panu. Inu muli ndi mwayi poti Area 25 ili mbali ya ku Kanengo, njira ya ku Lumbadzi, ndiye theka la ola likukwanirani kufika pa KIA ngati msewu uli bwino. Wa ku Area 36 kapena ku Likuni ayenera kudutsa tauni yonse kulowera kumpoto, kufulatira Blantyre amene akupitayo. Pa bwalo muyenera kufika nthawi ikadalipo. Kampani idzakuuzani nthawi imene imatseka kulandira katundu, koma ine nditakhala ndi munthu wamkulu wotere sindingafike mochepera ola ndi theka ndege isananyamuke. Ikani mphindi 45 za ulendo. Ku Chileka kutsika ndi kudikira zikwama, mphindi 20. Kuchoka pa Chileka kudzera pa Kameza kukafika ku Ginnery Corner komwe kuli Queens, mphindi 30 mpaka 45, kutengera kuti mwakumana ndi mdipiti wa magalimoto a m'mawa kapena madzulo. Zonse pamodzi zikuyandikira maola anayi, tinene atatu ndi mphindi 45.

Pamsewu, galimoto yaing'ono kapena kochi yosaimaima imatenga maola anayi ndi theka kapena asanu, kuphatikiza kuima pa mageti olipirira a Kalinyeke ndi Chingeni, pa marodibuloko, ndi kuyenda pang'onopang'ono pa misika ya m'mbali mwa msewu monga pa Lizulu. Kwa inu muwonjezerepo kudutsa mzinda wa Lilongwe kuchokera kumpoto. Ndiye kunena mosapsatira, ndege ikupulumutsirani ola limodzi kapena ola ndi theka, osati maola anayi monga mmene zimamvekera munthu akati "mphindi 30 zokha". Ndegeyo ikachedwa ola limodzi, mwafanana ndi wa pa kochi.

Munthu wathanzi amene akungopita kukaona abale ndikanamuuza kuti asunge ndalama yake akwere kochi, poti mtengo wa tikiti ya ndege umaposa wa basi kangapo. Koma nkhani ya mayi athuwa ndi ina, ndipo ndikuona kuti ana mwaganiza bwino. Chimene chimapweteka msana wa munthu wokalamba ndi kukhala malo amodzi maola ambiri osatambasuka, uku galimoto ikugwedezeka ndi kudumpha m'maenje ndi pa mahampu. Pa ulendo wa ndege maola anayi aja ndi oduladula. Theka la ola m'galimoto, kenako pa bwalo pomwe angaime, kuyenda pang'ono, kupita kuchimbudzi nthawi imene afuna, kenako ola limodzi pampando wa ndege, kenako galimoto ina ya kanthawi kochepa. Chimene mukugula ndi chimenechi. Mukamakambirana ndi abale amene asonkha ndalama, auzeni zimenezi, kuti wina asadzadandaule kuti mwafika pafupifupi nthawi imodzi ndi amene anadzera pamsewu.

Chimene ndikupempheni kwambiri n'chakuti musayende tsiku loonana ndi dokotala. Pitani dzulo lake. Ndege za pakati pa mizinda iwiriyi n'zowerengeka pa tsiku, ndipo kawirikawiri ulendo wa Lilongwe ndi Blantyre umakhala chigawo chabe cha ulendo wautali, monga wopitirira ku Johannesburg kapena wochokera kunja. Ndege ikachedwa kumene ikuchokera, inunso mwachedwa, ngakhale kumwamba kwa Lumbadzi kuli mbee. Ikalephereka, ina yoti mukwere siipezeka pompopompo ngati minibasi. Mukapita dzulo lake, zikavuta mukhala ndi mpata wotembenukira ku msewu n'kukagona ku Blantyre ndithu.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mitambo ya mabingu imakonda kukula masana ndi chakumadzulo. Woyendetsa salowa mumtambo wotere, amaulambalala, ndipo pa ulendo wa makilomita 245 kulambalala kwa makilomita 30 kumamveka ndithu pa wotchi. Mtambowo ukakhala pamwamba pa bwalo penipeni, ndege imazungulira kudikira kuti udutse. Malamulo amafuna kuti inyamule mafuta okwanira kufika kumene ikupita, kupitirira ku bwalo lina ngati kwalephereka kutera, ndi ena otsala a mphindi 30 pamwamba pake. Kuno mabwalo aakulu ndi awiri omwewa, choncho Chileka ikakanika, nthawi zambiri kobwerera ndi komwe mwachokera. Izi sizichitika kawirikawiri, koma n'chifukwa chake m'dzinja ndimalimbikitsa ndege ya m'mawa, pomwe mpweya umakhalanso wodekha ndipo ndege siigwedezeka kwambiri. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi vuto limakhala chiperoni, mitambo yotsika ndi mvula yowaza. Chiperoni chimakonda ku Mulanje, Thyolo ndi Limbe kuposa ku Chileka, komwe kuli m'munsi ndipo n'kotentherapo, koma chikalimba chimafika, ndipo bwaloli lili pafupi ndi phiri la Michiru, kotero oyendetsa satera mongoyerekeza ngati sakuona bwino. Mu Okutobala kumwamba kumakhala koyera koma masana mpweya wotentha umakwera kuchokera pansi n'kumagwedeza ndege potsikira m'chigwa cha Shire. Kwa msana wa mayi, m'mawa ndi bwino nyengo zonsezi kupatula masiku a chiperoni.

Poti nonse simunakwerepo, ndikuuzenitu zimene mudzamve, kuti mudzawakhazike mtima pansi mayi. Pothamanga kuti inyamuke, injini zimalira kwambiri ndipo thupi limakankhidwira kumbuyo kwa mpando, kwa masekondi osakwana 40. Patapita mphindi 15 kapena 20 phokoso la injini lidzatsika mwadzidzidzi, mphuno ya ndege n'kuweramira pang'ono. Anthu ambiri oyamba kukwera amagwira mpando pamenepa poganiza kuti injini yazima, pomwe ndi kutsika kuja kwayamba. Ngati ndi Q400, mapiko ake ali pamwamba pa mawindo, ndipo matayala aakulu amabisala m'munsi mwa injini. Poyandikira Chileka mudzamva kugunda, zitseko za pansi pa injini zidzatseguka, mwendo wautali wa matayala n'kutsika inu mukuona pawindo. Auzenitu mayi kuti zimenezi ndiye chizindikiro choti mwatsala pang'ono kufika. Makutu amatseka potsika, makamaka poti Chileka ili m'munsi kuposa kumene mwachokera ndi mamita 450. Kumeza malovu, kuyasamula kapena kumumunya switi kumathandiza. Ngati ali ndi chimfine chotseka mphuno, makutu amapweteka kwambiri, ndiye muwauze adokotala musananyamuke.

Za adokotala zomwezo: afunseni amene akuwaona kuno ngati palibe choletsa kuti akwere ndege. Msana pawokha nthawi zambiri suletsa, koma ngati pali vuto la mtima, la kupuma, kapena anachitidwa opaleshoni posachedwa, kampani ikhoza kufuna kalata ya dokotala, ndipo kuli bwino kuidziwa nkhaniyi kudakali masiku kusiyana ndi kukaimva pa kauntala. Pogula tikiti nenani kuti muli ndi munthu wamkulu wofuna mpando wa matayala, alembe m'kompyuta. Nenaninso ngati angathe kukwera masitepe okha kapena ayi, chifukwa pa Chileka anthu amatsika ndi masitepe n'kuyenda pabwalo kukalowa m'nyumba. Apa Q400 ili ndi ubwino wina, khomo lake lili pafupi ndi nthaka ndipo masitepe ake ndi ochepa, pomwe a 737 ndi aatali. Pemphani mipando yoyandikana, ya kufupi ndi khomo, wa mayi ukhale wa m'mbali mwa kanjira kuti adzuke mosavuta. Okalamba ndi odwala amawakweza poyamba, koma potsika dikirani anthu athe, musalimbane ndi chipwirikiti cha otsitsa zikwama.

Mankhwala awo, buku la kuchipatala, zithunzi za X-ray ndi kalata yowatumiza ku Queens zikhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'chikwama chachikulu chopita kumalo a katundu. Tengani ziphaso zanu za unzika nonse awiri, ndipo dzina la pa tikiti lifanane ndi la pa chiphaso. Konzeranitu wodzakutengani pa Chileka ndipo mumuuze nthawi yotera ya pa tikiti, koma abwere ndi galimoto yoti mayi akhale momasuka, chifukwa chigawo chomalizachi, kuchoka pa bwalo kulowa m'tauni, chikhoza kukhala chotalika kuposa nthawi imene munali m'mwamba.

Tikiti yobwerera musaimange pa tsiku lomwelo kapena m'mawa wa tsiku lotsatira. Dokotala wamkulu akawaona akhoza kulamula kuti akajambulidwe kapena kuyezedwa zina, n'kubweranso ndi zotsatira patapita tsiku kapena awiri. Funsani wogulitsayo kuti kusintha tsiku kumalipiritsa ndalama zingati pa tikiti imene mukugulayo, chifukwa zotchipa kwambiri ndizo zimavuta kusintha. Ngati ndalama yasonkhedwayo singakwanire ndege mbali zonse ziwiri, sankhani ndege popita, kuti mayi akafike kwa dokotala asanatope, ndipo za pobwerera mudzaone mutamva zimene dokotalayo wanena za kukhala nthawi yaitali pampando.